Mmene mungakonzere msonkhano wa olemba mabulogu popanda sponsa wamkulu komanso osatsala ndi ngongole

Gulupu iliyonse ya WhatsApp ya anthu olemba pa intaneti imafika tsiku lomwe wina amaponya kuti "koma abale tidzakumaneko pamaso tsiku lina, tidziwane". Ma emoji amagwa ngati mvula, wina amati tikachitire ku Mangochi kunyanja, wina amati tiyambe tapeza sponsa, kenako zii. Ikatha miyezi 6 wina amaidzutsanso nkhani ija, ma emoji omwe aja, zii yemwe uja. Ine ndakhalapo m'komiti ya zoterezi katatu, koyamba zinathera pa gulupu pomwepo, kachiwiri msonkhano unachitika koma ndinatsala ndi ngongole ya mpunga ndi nkhuku, kachitatu ndi pomwe tinagona tulo tabwino usiku wake.

Chomwe chimatipha si kusowa ndalama kwenikweni ayi. Tikangomva kuti msonkhano, m'mutu mumabwera wekishopu ya mabungwe ija, hotela, kabotolo ka madzi ndi timaswiti patebulo, chikwama cholembedwa dzina, ndi envulopu ya alawansi pomaliza. Zimenezo zili ndi eni ake omwe ali ndi ndalama zake. Zomwe ndikufotokoza pano ndi msonkhano wa tsiku limodzi, anthu 40 mpaka 60, woti obwerawo ndi omwe akuulipira, kuuyendetsa komanso kuyankhulamo. Anzathu a WordCamp, misonkhano ya ogwiritsa ntchito pulogalamu yopangira mabulogu ya WordPress, akhala akuchita chonchi kuyambira 2006 ku San Francisco, okonza ndi ongodzipereka, oyankhula salipidwa, tikiti ndi yotsika mtengo, ndipo ku Harare ndi ku Nairobi zinachitikapo kale, ndiye musaganize kuti ndi zongolota.

ZOFUNIKA MUSANAYAMBE

- Anthu 5 a komiti, ndi ena 4 kapena 5 odzathandiza pa tsikulo
- Miyezi itatu yokonzekera, ikachepa iwiri
- Manambala awiri olandirira ndalama, ya Airtel Money ndi ya Mpamba
- Fomu ya pa Google Forms yolembetsera ndi Google Sheets yolembamo ndalama iliyonse
- Pulojekita yobwereka, zingwe zake zonse ziwiri, cha HDMI ndi cha VGA, ndi laputopu imodzi
- Sipika ndi maiki imodzi
- Ma ekisitenshoni osachepera 5 ndi ma adaputa
- Mapepala a manila, ma maka, selotepi kapena masking tepi
- Jenereta kapena batire ndi inveta, ndi mafuta ake
- Ndowa ya mpopi, sopo, ndi matishu a kuchimbudzi
- Kope wamba ndi bolopeni, chifukwa foni imatha moto

1. PEZANI ANTHU 5, OSATI 20

Wina wa ndalama, wina wa malo ndi zida, wina wa pulogalamu ndi oyankhula, wina wa chakudya, wina wolengeza ndi kuyankha mafunso a anthu. Basi. Aliyense adziwe chake ndipo dzina lake lilembedwe pambali pa ntchitoyo. Tsegulani gulupu ina yapadera ya anthu 5 amenewa, ija yaikulu ikhale yongolengezera.

Chenjezo: wosunga ndalama asakhale yemweyo wogula zinthu, ndipo asakhale amene anabweretsa ganizoli. Si kuti ndi wakuba ayi, koma anthu akayamba kunong'ona simudzakhala ndi choyankha. Komanso onetsetsani kuti m'komiti muli amayi, osachepera awiri, apo ayi mudzangozindikira pa tsikulo kuti oyankhula onse ndi abambo ndipo palibe amene anakaona ngati chimbudzi chili ndi chokhomera.

2. NENANI POYERA KUTI KULIBE ALAWANSI

Ili ndiye gawo lomwe anthu amachita nalo manyazi, ndipo manyaziwo ndi omwe amadzabweretsa mkangano pakhomo. Pa positi yoyamba yeniyeni lembani kuti uwu ndi msonkhano wathu tokha, aliyense alipira tikiti, thiransipoti ndi yake, kulibe alawansi, kulibe kubwezeredwa ya minibasi. Lembaninso pa fomu yolembetsera, munthu achonge kuti wawerenga.

Ena atuluka pomwepo, alekeni apite. Pa msonkhano wathu uja wa ulendo wachiwiri sitinanene, tinkati aliyense akudziwa, ndiye itakwana 4 koloko bambo wina wovala jekete, yemwe tsiku lonse anakhala kumbuyo akusewera ndi foni, anabwera patebulo lolembetsera nkufunsa mwaulemu ndithu kuti "pepala losainira lili kuti achimwene?" Nditamuuza kuti kulibe anaseka kaye poganiza kuti ndikucheza, kenako nkhope inasintha, akuti wachokera kutali ndipo alibe yobwerera. Ndinapisa m'thumba mwanga. Sindikumuda munthuyo, anazolowera zomwe anazolowera, olakwa tinali ife osanena.

Apa mugwirizanenso kuti "wolemba bulogu" ndi ndani. Ine ndimati musapanikize, kaya munthu amalemba pa WordPress, pa Blogger, pa Medium, pa Substack, kaya ali ndi tsamba la Facebook lomwe amalembapo nkhani zazitali za ulimi kapena za mpira, ameneyo ndi wathu. Mukati okhawo ali ndi webusayiti yawoyawo mudzakhala anthu 9 mu holo.

3. SANKHANI TSIKU NDI KALENDALA M'MANJA

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula, ndipo ngati munakhalapo m'holo ya malata yopanda siling'i mvula ikugwa mukudziwa kuti ngakhale maiki sithandiza. Okutobala kumatentha koopsa, anthu akadya masana amangosinza. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Seputembala, kungoti nthawi yomweyo ndi ya maukwati, maholo Loweruka amakhala atatengedwa kalekale, ndiye bukani msanga. Ngati mukufuna holo ya sukulu pewani nthawi ya mayeso a Maneb, funsani za tchuthi.

Loweruka muwataya a Seventh Day, Lamulungu muwataya ambiri, Lachisanu masana abale athu achisilamu amapita ku mzikiti. Palibe tsiku lokomera onse, koma holide yogwera mkati mwa sabata, ngati 1 Meyi kapena 14 Meyi, imathetsa zambiri mwa zimenezi nthawi imodzi. Ikani tsiku kumayambiriro kwa mwezi anthu atangolandira, osati pa 20 pomwe aliyense akudya bonya wa ngongole. Ndipo ngati muli ku Blantyre onani kaye kuti Bullets ndi Wanderers sizikukumana tsiku limenelo, ndikunena zoona, holo idzapungulika ikamakwana 1 koloko.

Chenjezo: tsiku mukalilengeza musalisinthe chifukwa munthu mmodzi wotchuka wati sapezeka. Mukasintha kamodzi anthu amasiya kutumiza ndalama, amati tione kaye.

4. MALO: PITANI NDI MIYENDO YANU

Hotela iwaleni, pokhapokha mwini wake ndi malume anu. Yesani holo ya tchalitchi, kalasi yaikulu ya koleji kapena sekondale, holo ya khonsolo, kapena malo a achinyamata a zaukadaulo ngati mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub kumpoto. Malo ngati amenewa ndi oyamba kukagogoda chifukwa ntchito yawo ndi yofanana ndi yanu, ndipo intaneti ndi pulojekita amakhala nazo kale. Kulikonse komwe mungapite, pitani ndi kalata yolembedwa bwino, osangoimba foni.

Malowo akhale oti munthu akatsika minibasi ayende wapansi mphindi zosapitirira 10. Mukasankha malo okongola koma ofuna kabaza kawiri, mwawonjezera mtengo wa tikiti mwakabisira.

Mukafika musangoima pakhomo nkumati ndi pabwino. Tengani tchaja ya foni muyese soketi iliyonse, werengani mipando nokha, lowani kuchimbudzi mutsegule mpopi, onani ngati wa njinga ya olumala angalowe, onani khoma lomwe mudzaunikirepo pulojekita ngati silikuwombedwa ndi dzuwa. Mawindo opanda makatani si vuto, zitenje zitatu ndi zopanira zovala zimagwira ntchito. Yesani netiweki ya makampani onse awiri muli mkati, chitseko chotseka.

Chenjezo lalikulu: funsani kuti tsiku limenelo holoyo ili ndi pulogalamu ina yanji, ndipo kiyi amasunga ndani. Ife pa holo ina ya tchalitchi tinalipira dipoziti kwa mlembi, zonse bwinobwino, koma itangokwana 2 koloko masana tinangoona amayi a kwaya 30 atavala yunifomu akulowa ndi ng'oma, akuti Loweruka lililonse amaphunzira nyimbo mmenemo ndipo palibe anawauza kanthu. Wa pulogalamu wathu anachita kugwada kuwapempha, nkutilola mphindi 40, gawo lomaliza tinakamalizira pansi pa mtengo wa mango kwaya ikuimba kumbuyo. Choncho pepala la mgwirizano likhale ndi tsiku, nthawi yoyambira ndi yomalizira, mtengo, zomwe zili mu mtengomo, saini, ndi nambala ya wosunga kiyi.

5. PANGANI BAJETI KENAKO MUPEZE MTENGO WA TIKITI

Ambiri amayamba ndi kunena kuti "tikiti ikhale 5 sauzande kuti anthu abwere" asanadziwe kuti mpando umodzi ukudya zingati. Yambani mbali inayo. Gawani zolipira pawiri: zomwe sizisintha kaya kubwere anthu 10 kaya 60, monga holo, jenereta, mafuta, bandulo, mapepala, ndi zomwe zimayendera mutu wa munthu, monga nkhomaliro ndi tiyi.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, inu muikemo anu. Zosasintha zakwana K240,000. Chakudya cha munthu mmodzi tsiku lonse ndi K6,000. Pali anthu 10 omwe adzadye osalipira tikiti, oyankhula ndi othandiza, imeneyo ndi K60,000, iphatikizeni ku zosasintha zija zikhale K300,000. Mukuyembekeza anthu 60 koma musagawe ndi 60, gawani ndi 40, chifukwa olonjeza ndi olipira ndi mitundu iwiri ya anthu. Ndiye K300,000 kugawa kwa 40 ndi K7,500, kuphatikiza mbale yake ya K6,000 ndi K13,500. Ikani tikiti pa K15,000, yapamwambayo ndi ya zogwa mwadzidzidzi. Akabwera opitirira 40 ndalama yotsala ndi poyambira chaka chamawa.

Mtengo ukatuluka wokwera kuposa momwe anthu anu angakwanitsire, musatsitse tikiti, dulani zinthu. Choyamba kudula ndi matisheti, kenako bena, kenako zikwama ndi mabaji osindikiza. Dzina lolembedwa ndi maka pa masking tepi nkumata pachifuwa limawerengeka bwino kuposa baji ya pulasitiki.

Ikani mitengo itatu: wamba, wa ophunzira wotsikirapo, ndi wina wokwererapo wa amene akufuna kulipirirako mnzake. Mudzadabwa, alipo anthu makamaka a ku Joni ndi ku UK omwe sangabwere koma amasangalala kugulira mwana wa sukulu tikiti. A komiti nawonso alipire, zimatseka pakamwa anthu.

Chenjezo: kwacha yathuyi mukuidziwa, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye kotesheni ya miyezi itatu yapitayo ndi pepala chabe. Chomwe mwagwirizana lipirani dipoziti msanga mtengo umangike, ndipo mafuta a jenereta gulani kutatsala sabata, osadikira dzulo lake nkukapeza mzere pa filing'i siteshoni.

6. KUTOLERA NDALAMA

Munthu alembetse pa fomu, atumize ndalama, alembe dzina lomwe latuluka pa meseji, wosunga ndalama atsimikize, ndiye dzina lilowe pa mndandanda. Wosalipira sanalembetse, ngakhale akhale mnzanu wa ku pulayimale. Ikani tsiku lotsekera, masiku 5 msonkhano usanachitike, ndipo olipira pakhomo alipire yokwererapo komanso muwauze kuti mbale siyotsimikizika.

Musakhulupirire sikirinishoti, onani balansi pa foni yolandirayo. Kumbukirani kuti potapa ndalama amadula, ndiye yotapira ilowe mu bajeti. Lengezani manambala awiri okhawo ndi dzina lomwe lidzatuluke, ndipo nenani mobwereza kuti palibe wa komiti amene adzatumize meseji yoti "tumizani pa nambala iyi, ija yavuta", akuba a pa foni amanunkhiza msanga pomwe pali kusonkha.

Lachisanu lililonse ponyani pa gulupu yaikulu kuti zalowa zingati, zatuluka zingati, ndi zithunzi za malisiti. Zikuoneka ngati ntchito yowonjezera koma ndi chimene chimachititsa kuti anthu aziti msonkhano wathu osati msonkhano wa akutiakuti, ndipo omwe amazengereza akaona kuti anzawo 22 alipira nawonso amatumiza.

7. OYANKHULA NDI PULOGALAMU

Oyankhula achokere mwa obwera omwewo. Tsegulani fomu yoti aliyense anene zomwe angaphunzitse anzake, koma musakhale pansi kudikira, chifukwa odzipereka okha nthawi zambiri ndi aja okonda maiki, pomwe mtsikana yemwe wakhala akulemba za maphikidwe zaka zinayi mosadumphitsa sangadzitchule yekha. Mulembereni ku inibokisi, mumuuze kuti mphindi 15 zokha, afotokoze momwe amajambulira zithunzi ndi foni yake.

Mitu yomwe ndaona ikudzaza holo ndi yogwirika: kulemba ndi kukonza positi pa foni popanda laputopu, kuchepetsa kulemera kwa zithunzi kuti owerenga asathe bandulo, kupeza ndalama kuchokera kwa amalonda a m'dera lanu, kulemba m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao osachita manyazi, ndi chochita wina akakuberani nkhani nkuiika pa tsamba lake. Gawo limodzi lisungireni za malamulo, pezani loya kapena mtolankhani wodziwa afotokoze Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, lamulo lomwe anthu amangidwapo nalo chifukwa cha zolemba pa intaneti, komanso lamulo lopezera nkhani ku maofesi a boma lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Gawo limeneli mulipatse nthawi yokwanira, mafunso samatha.

M'mawa ikani oyankhula 4 kapena 5, aliyense mphindi 15 ndi mafunso mphindi 10. Masana musadzaze. Matani manila pakhoma, jambulani mabokosi opanda kanthu, aliyense amene ali ndi nkhani alembe mutu wake m'bokosi, anthu agawikane m'magulu, ena pakona, ena panja pamthunzi. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi a BarCamp, msonkhano wa anthu a zaukadaulo womwe unayambira ku Palo Alto ku America mu 2005, ndipo ubwino wake ndi woti siidya ndalama koma ndi pomwe anthu amamasuka. Kungoti kwathu kuno palibe amafuna kukhala woyamba kudzuka, ndiye panganani ndi anthu atatu mseri kuti manila akangomatidwa iwo adzuke nkulemba, enawo atsatira.

Chenjezo: za mlendo wolemekezeka zisiyeni. Mudzamudikira mpaka 11 koloko, akafika ayankhula mphindi 40 atayamba ndi kulonjera maudindo onse, ajambulitsa chithunzi nkumapita, inu pulogalamu yafa. Pemphero lalifupi, malonje a mphindi zitatu, nkuyamba. Nenaninso poyambirira kuti munthu ali ndi ufulu woyankhula Chichewa, Chingerezi kapena kusakaniza, apo ayi theka la holo lidzakhala chete kuopa kuthyola chizungu pagulu.

8. MASPONSA ANG'ONOANG'ONO

Kalata yopempha mamiliyoni ku kampani yaikulu imakagona mu kabati, inu nkumadikira yankho mpaka chaka kutha. Pemphani zinthu osati ndalama, kwa anthu omwe mungawaone maso: wa shopu yosindikiza akupatseni mapepala, wa bekale mabanzi a tiyi, wogulitsa madzi makatoni awiri, wa intaneti rauta ya tsiku limodzi. Inu muwalonjeze zomwe mungathedi, dzina lawo pa positi, kuwathokoza pa maiki, katebulo pakhomo.

Musagulitse nthawi yoyankhula. Sponsa akapatsidwa maiki mphindi 30 kuti atsatse malonda ake, anthu omwe alipira tikiti amamva kuti agulitsidwa. Ndipo mndandanda wa manambala a foni a obwera si wopatsa sponsa, kaya apemphe bwanji. Chomwe sponsa walonjeza musachiike mu bajeti mpaka chitafika m'manja.

9. CHAKUDYA

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimapita ndipo ndi pomwe ine ndinapsa. Ndinauza mayi wophika kuti anthu 70 chifukwa pa Facebook omwe anadina kuti abwera anali opitirira 100, kunabwera 34, mapoto awiri a mpunga anabwerera osatsegula ndipo mayi aja, mwachilungamo chawo, anafuna ndalama yawo yonse. Ndinamaliza kubweza patatha miyezi iwiri.

Wophika mupatseni nambala ya omwe alipira, kuwonjezerapo oyankhula ndi othandiza ndi mbale 5 zapadera, ndipo mumuuze masiku atatu tsikulo lisanafike. Pezani mayi wophika m'maukwati kapena wa lesitilanti ya pamsika yemwe mwadyapo chakudya chake, mugwirizane mtengo wa mbale, kuti mbale ndi masipuni abweretsa ndani, ndi nthawi yofikira. Mpunga kapena nsima, nkhuku, nyemba ndi masamba zakwana, nkhumba ayi kuti aliyense adye momasuka, ndipo funsani pa fomu ngati pali osadya nyama. Tiyi wa m'mawa ndi mandasi kapena mbatata, madzi a m'chigubu chachikulu ndi Sobo, aliyense abwere ndi botolo lake.

Gawirani timapepala ta chakudya polembetsa, ndipo pakhale wogawa ndiwo. Mukati aliyense adzitengere, anthu 15 oyamba amaliza nkhuku yonse.

10. MAGETSI NDI INTANETI

Konzekerani ngati magetsi adzathima, akapanda kuthima ndi mwayi. Jenereta iyesedwe dzulo lake ndi pulojekita yomweyo, ndipo iikidwe kutali ndi mawindo, chingwe chikhale chachitali, apo ayi mudzamva jenereta yokhayokha. Woyankhula aliyense atumize zoonetsa zake masiku awiri zisanachitike, zonse zikhale pa laputopu imodzi komanso pa fulashi, ndipo mumuuze kuti akhale wokonzeka kuyankhula popanda pulojekita.

Wi-Fi musalonjeze. Mukapereka pasiwedi kwa anthu 50 mafoni onse amayamba kudzikonza okha ndi kukoka mavidiyo, bandulo ya tsiku lonse imatha tiyi asanafike. Rauta ikhale ya laputopu ya oyankhula ndi munthu mmodzi woponya zithunzi, enawo auzeni abwere ndi bandulo yawo. Zoulutsa pompopompo pa Facebook ngati mulibe munthu wapadera ndi netiweki yodalirika zisiyeni, jambulani mawu ndi foni yoikidwa pafupi ndi sipika mudzaponye pambuyo.

Pakona imodzi ikani tebulo lotchajira ndi munthu wolondera, foni iliyonse imatidwe tepi ya dzina. Foni imodzi ikasowa ndi nkhani yokhayo yomwe anthu adzakumbuke.

11. TSIKU LENILENI

A komiti afike maola awiri nthawi isanakwane. Yambani pa nthawi yomwe munalemba ngakhale muli anthu 12, koma ikani gawo lopepuka poyamba, lodziwana, aliyense atchule dzina, komwe amalemba ndi zomwe amalemba m'masekondi 30, ochedwa akamalowa asapeze kuti aphonya za malamulo zija. Wosunga nthawi akhale kutsogolo ndi mapepala awiri, lina lolembedwa 5 kutanthauza kuti zatsala mphindi 5, lina lolembedwa BASI, ndipo akhale munthu wosaopa nkhope ya wamkulu.

Nenani malamulo a pamalopo mwachidule: kulemekezana, osajambula munthu amene wakana, ndi dzina la munthu wa komiti, makamaka mayi, yemwe aliyense wovutitsidwa angakamuuze. Alipo olemba omwe sagwiritsa dzina lawo lenileni pa intaneti, amenewo apatseni tepi ya mtundu wina kuti ojambula adziwe. Tsekani ikamakwana 4 koloko anthu akapeze minibasi kusanade, ndipo holo muisiye yosesa, mudzaifunanso.

12. SABATA YOTSATIRA

Pasanathe masiku 7 ponyani lipoti la ndalama lonse, zolowa, zotuluka, zotsala ndi komwe zasungidwa. Bwezani pulojekita ndi zingwe zake zonse, thokozani eni holo ndi masponsa ndi kalata. Pemphani aliyense alembe positi ya zomwe anaona, inu musonkhanitse maulalo onse pamalo amodzi, anthu ake ndi olemba ndiye musawalekerere. Funsani mafunso atatu okha pa fomu: chinakoma nchiyani, chinabowa nchiyani, ndani akufuna kulowa komiti ya chaka chamawa. Awiri mwa a komiti yakale atsale, atatu apereke mpata.

ZOLAKWIKA ZOMWE ZIMABWERERABWERERA

Kuwerenga ma like ngati anthu. Ndanena kale koma ndikubwereza chifukwa mudzayesedwa ndithu, positi ikamayenda bwino mtima umati tiwonjezere mbale 20.

Kuyamba ndi logo. Komiti imatha masabata atatu ikukangana za mtundu wa tisheti ndi dzina la msonkhano, holo isanapezeke. Dzina ndi la mphindi 10, positi ipangeni pa Canva, pulogalamu yokonzera mapositi pa intaneti, madzulo amodzi.

Kufuna masiku awiri ndi kugona konko chaka choyamba. Malo ogona akangolowa mu bajeti mtengo umakwera kuposa kawiri ndipo mwayamba ntchito ina yosamalira alendo usiku. Ochokera kutali alumikizeni ndi anzawo a mumzindamo omwe angawasunge, koma zimenezo akambirane okha.

Kuika ndalama zanu poyembekeza kuti zibwerera. "Ndingolipira kaye ine tidzawerengerana" ndi mawu omwe athetsa maubwenzi ambiri. Ngati pofika tsiku lotsekera olipira sanakwane nambala ija munagawira, chepetsani msonkhano, pitani ku kalasi yaing'ono, chotsani nkhomaliro muyambe 1 koloko ndi tiyi yekha, ndipo amene analipira muwabwezere yapamwambayo.

Kupatsa anzanu matikiti aulere mwakachetechete. Zimadziwika, ndipo chaka chamawa aliyense adzadikira waulere.

Kuiwala chingwe. Pulojekita yobwereka ku sukulu nthawi zambiri ndi yakale ya VGA, laputopu ya woyankhula ili ndi HDMI yokha kapena kabowo kakang'ono ka USB-C, ndiye anthu 50 akhala akuyang'ana khoma loyera wina atakwera kabaza kukasaka adaputa mtauni pa holide mashopu ali otseka. Lumikizani zonse dzulo lake, muone chithunzi pakhoma ndi maso anu, kenako zingwezo muziike m'chikwama chanu osati cha mnzanu.